Lebulo Pachifuwa: Wachinyamata Amagula Nsalu Kapena Ulemu?

Belo la kaunjika likamatsegulidwa m'mawa pamsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe, manja a achinyamata amene azungulira pamenepo sathamangira kukhudza nsalu kuti amve kulimba kwake. Amathamangira kukhosi kwa malaya, n'kutembenuza kolala kuti aone kansalu kolembedwa dzina. Ikakhala nsapato amakoka lilime lake, n'kuwerenga timanambala tosindikizidwa kunsi, kenako n'kuyendetsa chala pamsoko kuti adziwe ngati ili orijino kapena feki. Venda naye amazidziwa bwino zimenezi. Malaya awiri a nsalu yofanana, otuluka m'belo limodzi, amawaika pamitengo yotalikirana: opanda dzina amaponyedwa pamulu wapansi, pomwe okhala ndi kang'ona ka Lacoste kapena mizere itatu ya Adidas amapachikidwa m'mwamba kuti odutsa awaone. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi n'kumene kumagawa anthu. Makolo ambiri amati ndalama yowonjezerayo ndi yotaya, yogulira dzina la munthu wakunja amene sadzakudziwa n'komwe. Achinyamata amayankha kuti akuluakulu sadziwa zimene zimachitika ukalowa pagulu la anzako utavala zosadziwika. Ine ndikuona kuti achinyamata akunena zoona pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti chovala chimatsegula ndi kutseka zitseko, koma akulakwitsa pokhulupirira kuti lebulo ingawapatse ulemu wokhalitsa. Malonda a lebulo amayenda pokhapokha ulemu wake ukamatha msanga, kuti wogula abwererenso ndi ndalama ina.

Oikira kumbuyo zovala za maina amayamba ndi nkhani ya kulimba. Amati chotchipa chimadula, chifukwa nsapato ya feki imamatuka soli pa mvula yoyamba, pomwe ya orijino, ngakhale yogulidwa pakaunjika itavalidwa kale ndi munthu wina ku Ulaya, imatha zaka ikuponda matope a ku Ndirande kapena ku Mchesi. Pamenepa pali choonadi. Kampani imene ili ndi dzina loti iliteteze imayang'anira ulusi, guluu ndi msoko kuposa wosoka wobisala amene wogula sangam'peze mawa. Koma kulimba kumafotokoza kagawo kochepa chabe ka mtengo. Pafupifupi nsapato zonse za Nike zimasokedwa m'mafakitale a eni ena, makamaka ku Vietnam, Indonesia ndi China, ndipo kampaniyo imatsala ndi ntchito yojambula kaonekedwe ka nsapato ndi kutsatsa malonda. Chizindikiro chake chokhota chija chinajambulidwa mu 1971 ndi wophunzira wina dzina lake Carolyn Davidson, amene pa nthawiyo analipidwa madola 35. Chimene chinapatsa kachizindikiroka mphamvu yokweza mtengo wa chilichonse chimene kakhalapo si luso la osoka ayi. Ndi ndalama zankhaninkhani zimene zalowa m'kutsatsa, makamaka kuyambira pamene kampaniyi inasainirana mgwirizano ndi katswiri wa basketball Michael Jordan mu 1984, n'kutulutsa nsapato za Air Jordan chaka chotsatira. Wogula amalipira nsapato, komanso amalipira ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito pomukopa kuti aifune nsapatoyo.

Mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya ku Britain ya Burberry inaotcha katundu wosagulidwa wa ndalama zokwana mapaundi 28.6 miliyoni m'chaka chimodzi, kuphatikizapo zovala ndi mafuta onunkhira. Katundu wotere akanatha kugulitsidwa motchipa, koma chovala cha dzina lodula chikafika pathupi la aliyense, amene analipira mtengo wonse saonanso chifukwa cholipirira. Anthu atakwiya, kampaniyo inalengeza chaka chomwecho kuti yasiya mchitidwewo, komabe nkhaniyo inali itaonetsa kale kuti chimene chikugulitsidwa ndi kusowa kwa chinthucho m'manja mwa ena. Kumbali ina ya malonda a zovala kuli osoka. Pa 24 Epulo 2013 nyumba ya Rana Plaza, pafupi ndi mzinda wa Dhaka ku Bangladesh, inagwa n'kupha anthu 1,134, ambiri mwa iwo osoka zovala za masitolo odziwika a ku Ulaya ndi ku America. Dzina lodziwika silinatanthauze kuti wosoka akulipidwa bwino, kapena kuti denga lili pamutu pake ndi lolimba.

Mfundo yachiwiri ya achinyamata ndi yolemera kwambiri, ndipo amene amaiyankha ndi mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere amakhala akuithawa. Wachinyamata sakunena kuti lebulo imasintha mtima wa munthu. Akunena kuti anthu amaweruza ndi maso asanamve mawu ako, ndipo zimenezi n'zoona. Mlonda wapakhomo la ofesi amalankhula mosiyana ndi mnyamata wovala bwino kusiyana ndi wovala zakutha, wogulitsa m'sitolo amatsata wina ndi maso okayikira pomwe wina amam'landira ndi ulemu, ndipo pasukulu yogonera konko mwana amene alibe chovala chooneka tsiku lovala zakunyumba amasankha kubisala m'chipinda. Katswiri wa zachuma wa ku Scotland, Adam Smith, analemba mu 1776 kuti zofunika pa moyo si zokhazo zimene zimasunga munthu kuti asafe, koma ndi zonse zimene munthu wamba angachite manyazi kuoneka pagulu alibe, ndipo anapereka chitsanzo cha malaya a bafuta ndi nsapato zachikopa. Mu 2011 ofufuza awiri a pa yunivesite ya Tilburg ku Netherlands, Rob Nelissen ndi Marijn Meijers, anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti munthu yemweyo akavala malaya okhala ndi chizindikiro cha Lacoste kapena Tommy Hilfiger, anthu ankamuona ngati wolemera ndi wapamwamba, ndipo ankavomera msanga zimene wapempha, kusiyana ndi pamene chizindikirocho palibe. Choncho mwana akamalirira nsapato ya dzina, kawirikawiri amakhala akuthawa manyazi, ndipo manyazi amapweteka ngati njala.

Akuluakulu amene amadzudzula asaiwalenso kuti khalidweli silinayambe ndi mbadwo wa TikTok. Agogo athu amene anapita kumigodi ya ku Joni pa Theba ankabwera ndi suti, chipewa, wailesi ndi njinga, ndipo mudzi unkayeza ulendo wawo poyang'ana zimenezo. Wobwera chimanjamanja ankachita manyazi, moti ena anasankha kutchona. Ku Kinshasa, pamene Mobutu analetsa suti ndi tayi zachizungu m'zaka za m'ma 1970 n'kulamula amuna kuvala jekete lotchedwa abacost, achinyamata otsatira woimba Papa Wemba anasandutsa kutchena kukhala njira yokanira kulamulidwa, ndipo gulu la otchena la La Sape likadalipo ku Kinshasa ndi ku Brazzaville. Kwa munthu amene dziko lamuuza kuti ndi wopanda pake, kuvala bwino ndi njira yonenera kuti nanenso ndine munthu. Zimenezi sindizipeputsa.

Vuto lili pakuti pali zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. Pali kuvala kokwanira kuti munthu asachite manyazi, kumene Smith ankanena, ndipo kumeneku kuli ndi polekezera: malaya oyera ositidwa, nsapato yosang'ambika, thalauza lokwana bwino. Ukafika pamenepo wafika. Ndiye pali kuvala kofuna kuposa mnzako, kumene katswiri wina wa ku America, Thorstein Veblen, anafotokoza mu 1899, koonetsa chuma pogula zinthu zimene ubwino wake waukulu ndi wakuti ena sangazikwanitse. Kumeneku kulibe polekezera, chifukwa mphamvu yake imachokera pa kuchepa kwa anthu amene ali nacho chinthucho. Mwana mmodzi m'kalasi akavala Jordan amaoneka. Ana khumi akavala Jordan palibe amaonekanso, ndipo makolo khumi asauka pachabe, pomwe amene ali ndi ndalama zenizeni wasamukira kale pa dzina lina. Makampani amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake matimu akuluakulu a mpira ku England amatulutsa jezi yatsopano chaka chilichonse, ndipo wokonda Arsenal kapena Manchester United wa ku Area 25 amene anadzimana kuti agule ya chaka chatha amapezeka watsalira pofika Ogasiti, ngakhale jeziyo isanathe n'komwe. Lamya yathamangitsa mpikisanowu. Kale chovala chabwino chinkavalidwa Lamlungu lililonse mpaka kutha, pomwe lero chikajambulidwa kamodzi n'kuikidwa pa Facebook kapena pa Instagram, mwini wake amaona ngati kuonekanso nacho ndi kudzichotsera ulemu.

Msika wathu womwe ukuonetsa kufooka kwa lebulo kuposa buku lililonse. Zovala za feki zochokera ku Guangzhou, zina zodzera ku Kariakoo ku Dar es Salaam, zadzaza misika kuyambira ku Taifa ku Mzuzu mpaka ku Blantyre, moti dzina la Gucci kapena Louis Vuitton limapezeka pa malamba, zipewa ndi masilipasi a mtengo wochepa. Bungwe la OECD linayerekeza kuti mu 2016 katundu wachinyengo anali 3.3 peresenti ya malonda onse a pakati pa maiko, ndipo nsapato ndi zovala zinali patsogolo pa katundu wogwidwa. Wina angati izi ndi zabwino, popeza wosauka naye wapeza njira yolowera. Koma taonani chimene chimachitika pagulu la achinyamata. Mpikisano sutha, umangosamukira pa funso lakuti yako ndi orijino kapena ayi, ndipo amene wagwidwa ndi feki amasekedwa kuposa amene wavala chopanda dzina, chifukwa wawonjezera bodza pa umphawi. Chizindikiro chimene aliyense angagule sichiuzanso anthu kanthu za thumba la wovala. Ngakhale kafukufuku wa ku Tilburg uja sanaime popanda wom'tsutsa: wofufuza wina, Joel Berger, atabwereza mayeso ofanana nawo ku Zurich n'kusindikiza mu 2017, sanapeze kuti lebulo yodula imapatsa wovala mwayi umene oyambawo anaona. Phindu la lebulo limadalira amene akuyang'ana ndi malo amene uli, pomwe mtengo wake umalipidwa kulikonse.

Amene amalipira kwambiri mtengowu ndi amene ali ndi zochepa. Mwana wa bwana akagula nsapato yodula sagona ndi njala, ndipo atati asaigule palibe angakayikire za kwawo. Amene amakakamizika kutsimikizira anthu kuti ndi munthu ndi mwana wa waganyu, ndipo ndi iyeyo amene amadula pa chakudya, pa ndalama ya lendi, pa ngongole ya sukulu imene anapatsidwa kuti agulire mabuku, mwinanso kupita kwa akatapila. Zovala zonsezi zimalowa m'dziko ndi madola, choncho kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera pomwe malipiro a makolo ambiri sanasunthe. Pofika Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo podandaula za kukwera kwa mtengo wa mabelo. Ngati wogulitsa akulira chonchi, wogula amene safuna kutsalira amaitenga kuti ndalamayo? Makolo ndi aphunzitsi amadziwa mayankho ena owawa, kuphatikizapo atsikana amene amagwa m'manja mwa abambo akuluakulu chifukwa cha diresi ndi lamya. Kumaiko ena mpikisanowu unafika patali. Mu 1990 magazini ya ku America ya Sports Illustrated inalemba pachikuto nkhani ya achinyamata amene ankaphedwa chifukwa cha nsapato ndi majekete a maina. Ku South Africa, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, magulu a achinyamata a m'makomboni otchedwa izikhothane anatchuka popikisana pagulu, ena mpaka kung'amba ndi kuotcha zovala zodula pofuna kusonyeza kuti angagule zina. Ambiri mwa iwo sanali ana a olemera. Anangotsatira mfundo ya Veblen mpaka kumapeto kwake, pomwe ulemu umayezedwa ndi kuchuluka kwa zimene ungathe kutaya.

Pali kutsutsa kwina kumene ndimakumva ndi ulemu. Amati ndalama ndi yake, thupi ndi lake, nanga inu ndinu ndani kuti muuze wachinyamata chovala? Amatinso osauka ndiwo amalalikidwa nthawi zonse za kusamala ndalama, pomwe olemera akagula galimoto yachitatu palibe amatsegula pakamwa. Ndikugwirizana nawo kuti pasakhale lamulo. A Malawi tinalawako boma lolowerera pa zovala: lamulo la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993 pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Palibe wanzeru angafune kubwerera kumeneko, ndipo mtsikana kapena mnyamata ali ndi ufulu wokonda zokongola popanda kufotokozera aliyense. Koma ufulu wogula sutanthauza kuti tisafunse kumene chilakolakocho chachokera. Mwana wa ku Chinsapo sanabadwe akulakalaka mizere itatu. Anaphunzitsidwa ndi zikwangwani, ndi osewera mpira olipidwa kuti avale zimenezo, ndi mavidiyo a nyimbo, ndi anzake amene anaphunzitsidwa chimodzimodzi. Kumuuza mmene malondawa amayendera si kum'landa ufulu, ndipo kukhala chete sikum'teteza. Pa nkhani ya kulalikira osauka okha, yankho ndi kudzudzulanso akuluakulu, chifukwa ndi ife amene timapereka mpando wapatsogolo kutchalitchi, paukwati ndi pamaliro poyang'ana suti. Mwana amangotengera muyeso umene wauona ukugwira ntchito.

Ena amati malonda a zovala za maina akudyetsa mabanja, ndipo n'zoona kuti kaunjika walemba ntchito anthu ochuluka amene akanakhala opanda chochita, komanso waveka mabanja amene sakanakwanitsa zatsopano. Kuletsa kaunjika si njira yophweka. Dziko la Rwanda litakweza msonkho wa zovala zakale mu 2016 pofuna kuteteza mafakitale ake, America inabwezera mu 2018 poimitsa mwayi woti zovala zosokedwa ku Rwanda zizilowa kumeneko popanda msonkho. Komabe tiyenera kuona chimene kukonda dzina lakunja kwachita pakhomo pathu. Dziko lolima thonje m'chigwa cha Shire, ku Balaka ndi ku Salima limavala zovala zimene ena ataya. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003, ndipo ya Mulungushi ku Kabwe m'dziko la Zambia inakhala zaka zambiri ili yotseka. Zifukwa zake n'zambiri, osati lebulo yokha, koma palibe fakitale ingaime pomwe ogula aphunzira kuona chosokedwa kwawo ngati chizindikiro cha umphawi. Ku South Africa, Theo Baloyi anayambitsa nsapato za Bathu mu 2015 kuchokera ku Alexandra, komboni ya ku Johannesburg, ndipo achinyamata anazilandira monyadira. Wina anganene kuti imeneyonso ndi lebulo, ndipo akunena zoona: dzina lakwanu silithetsa mpikisano wa kuposana. Limangosunga ndalama ndi ntchito pafupi, zomwe si zazing'ono, koma silichiritsa manyazi a mwana amene sangakwanitse ngakhale dzina lakwawolo.

Chimene ndikuona kuti n'choyenera kutetezedwa ndi luso la kutchena, limene ndi losiyana ndi mphamvu yogula dzina. Alipo achinyamata amene amadziwa kusankha pamulu wapansi jekete la nsalu yabwino limene ena alidutsa, n'kupita nalo kwa telala wapakhonde la sitolo kuti alichepetse m'mapewa, afupikitse manja, asinthe mabatani, ndipo akavala palibe amafunsa dzina. Alipo amene amagula chitenje n'kujambulira telala malaya amene ali m'mutu mwawo. Luso lotere limafuna diso ndi kuleza mtima, limakula munthu akamakula, ndipo mnzako akaliphunzira iwe sutaya kanthu, pomwe lebulo imatsika mphamvu mnzako akangoigula. Masukulu nawo ali ndi gawo lawo. Yunifolomu inathandiza kubisa kusiyana kwa mabanja, koma mpikisano wasamukira kumapazi ndi kuzikwama, ndipo sukulu imene imalamula nsapato yakuda yopanda chizindikiro chooneka imapeputsa katundu wa makolo ambiri popanda kulanda mwana aliyense chilichonse chofunika. Tsiku lovala zakunyumba, limene masukulu ena amagwiritsa ntchito potolera ndalama, liyenera kuganiziridwanso, chifukwa mphunzitsi amene angawerenge ana amene ajomba tsiku limenelo angapeze kuti ambiri mwa iwo sanadwale.